Kamtsikana Koswa Mtedza

Amayi anga,

Kodi kukucha bwanji kumene muliko? Miyendo ija inasiya kutupa? Ine ndimadziuza kuti kumeneko mukuyenda opanda ndodo, mwinanso mwayamba kale kukalipira anthu kuti sakupalira bwino. Kuno tilipo, tikudzuka. Bambo a Dalitso akupereka moni, ngakhale mukudziwa kuti moni wawo ndi kugwedeza mutu basi.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zinazo zikubwera. Mng'ono wanga Jelita anachira ku Sinda, ndi mwana wamkazi. Kamwanako kali ndi chipumi chanu chenicheni, ndipo kakayamba kulira m'nyumba simumveka china. Tinakatcha dzina lanu. Mtedza wachita bwino kuno ku Vubwi, moti ogula ochokera kutsidya kwa malire akumatipeza pakhomo. Thonje ndiye ayi, mbozi zinatimaliza, ndipo ndawauza bambo a Dalitso kuti akalimanso chaka chino adzapalira okha. Mjigo wathu unathyokanso, tabwerera kukatunga kudambo ngati kale. Kwathu ku Mkaika, khitchini yanu ija inagwa ndi mvula yomaliza. Mgwafa wanu unabereka mpaka nthambi kuthyoka, ana a m'mudzi monse anatupa mimba poti panalibe wowathamangitsa.

Tsopano khalani pansi, amayi. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya buku lanu, ndiponso ya mlongo wanu, amalume a Gidiyoni.

Buku lija simungaliiwale. Agogo, bambo anu, ali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, azungu anawapempha kuti ajambule zithunzi za buku lophunzitsira ana kuwerenga: mbalame za kuno, mitengo, amuna akusula makasu, akazi akuumba mbiya. Anasindikiza ochepa, a masukulu a kuno okha. Munkatiuza kuti ambiri anatha ndi chiswe, ena madoda anapichirira fodya. Lanu linapulumuka chifukwa linkakhala m'chitini cha mabisiketi, pansi pa yunifolomu yanu ya chigwirizano. Msana wake munausoka ndi ulusi wakuda, ndipo pakona panali popsa, pamene koloboyi anakugwerani ine ndili wakhanda. Tikafuna kuliona munkayamba mwatinunkhiza m'manja. "Wadya usipa asandiyandikire," munkatero.

Pakati pa bukulo panali chithunzi cha kamtsikana katakhala pamphasa kakuswa mtedza, kakuyang'ana kumbali ngati wina wakaitana. Kameneko kanali inu. Agogo anakujambulani musanagweruke mano. Kalelo kumudzi kunalibe makamera, ndiye nkhope ya ubwana wanu inali yomweyo basi padziko lonse. Tsiku limene ankanditenga chitengwa kubwera kuno, ine ndikulira ngati akukandipereka kwa fisi, munatenga lezala n'kudula tsamba limenelo mosamala. Munati, "Kumene ukupitako ulibe mayi. Tenga aka kazikakuyang'ana." Ndinakaika m'felemu ya galasi n'kupachika pakhoma, ndipo kandiyang'anadi zaka zonsezi, pa mimba zanga, pa njala, pa mikangano yanga ndi apongozi.

Matenda atakula munaitana ine ndi Jelita, amalume ali pomwepo pampando, n'kunena kuti, "Mbuzi, mbale, nsalu, mudzagawane. Koma buku la bambo anga ndipita nalo." Tonse tinamva. Tsiku la maliro ndinalikulunga ndekha m'nsalu yoyera n'kuliika pansi pa dzanja lanu. Adzukulu okumba manda atabwera ndi misomali, amalume anaimika dzanja. "Tatulukani pang'ono, nditsanzikane ndi mlongo wanga." Akanakana ndani? Ndiwo mwinimbumba. Tinatuluka tonse. Patapita kanthawi anatuluka atagwira jekete pachifuwa, misozi ili chuchuchu, ndipo ine chitsiru ndinawagwira mkono kukawakhazika pamthunzi, n'kuwatungira madzi akumwa. Pa nthawi yoona nkhope kamtolo koyera kanali pomwe ndinakasiya, mtima wanga unakhala pansi.

Titakolola, amalume anatulukira kuno pa njinga yamoto ya hayala, atanyamula shuga ndi tambala. Munthu amene sanapondepo pakhomo panga chikwatiwire, ngakhale pamene ndinaika mwana. Paja munkati munthu akayamba kuyamikira mbuzi yako, uimange ndi zingwe ziwiri. Ndinawalandira, ndinawaphera tambala wawo yemweyo. Koma maso awo sanali m'mbale, anali pakhoma. Potsanzika anati, "Iwe Tikambenji, kachithunzi aka undibwereke ndikakajambulitse ku Katete, nanenso ndikhale ndi kokumbukira mlongo wanga." Sindinadziwe kanthu nthawi imeneyo, mtima wokha ndi umene unakana. Ndinati felemuyo ndi yomata, tikaitsegula galasi lisweka. Anapita atakwinya nkhope. Anabweranso, ndinawapezera bodza lina.

Amene anaulula zonse ndi wogula buku lanu yemwe. Anatopa kudikira, anafunsira njira, n'kufika yekha pa galimoto. Bambo wa ku Lusaka, a Sikazwe, wa imvi zometa bwino, waulemu ndithu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anati amasonkhanitsa mabuku akale, mapu ndi mapepala a nthawi ya atsamunda, ali nazo chipinda chodzaza, ndipo m'chipindamo ngakhale mkazi wake salowa ndi tiyi. Amayendayenda m'mishoni zakale ndi m'midzi kufunsa amene anasunga kanthu. Za buku la agogo anamva kalekale, analifunafuna, mpaka wina anamulozera kwa amalume. Anayamba kuwayendera inu muli chigonere. Mwamva, amayi? Inu mukubuula m'nyumba, iwo akumvana mtengo kuseri kwa nkhokwe.

Kenako anatsegula kachikwama, anavala magolovesi oyera ngati akufuna kubadwitsa mwana, n'kutulutsa buku. Ulusi wakuda uja. Popsa paja. Ndinapezeka ndakhala pa dothi osadziwa kuti ndakhala liti. Iye sanaone, anali kalikiliki kutsegula pakati kuti andionetse pamene lezala yanu inadutsa. Anati buku ili mwina ndi lokhalo limene latsala, koma popanda tsamba ili ndi lolumala, ndipo amalume anamulonjeza kuti tsambalo lili kwa mwana wa mlongo wawo, nkhani yaing'ono.

Ndinamufunsa kuti, "Bambo, mukudziwa kumene buku ili linachokera?" Anati, "M'sutikesi ya atate a amalume anu." Ndinati, "Linachokera m'bokosi la maliro, pansi pa dzanja la amayi anga." Zinamukhudza, zimenezo ndisamunamizire. Koma buku sanalisiye. Analibweza m'chikwama mwachangu ngati wakuba ndine. Anati pepani kwambiri, iye anagula mwachilungamo, ndipo ndiganize bwino: m'nthaka bukuli likanaola, pamene kwa iye lili m'kabati ya galasi mopanda chiswe, ana a dziko lino adzaliona. Ndinati, "Amayi anganso akuola. Tikawafukule mukawaike m'kabati mwanumo?" Anati andipangira fotokope ya buku lonse ndikangomupatsa tsambalo. Ndinamuuza kuti galimoto yake yatseka njira ya ng'ombe. Anasiya nambala ya foni pampando n'kumapita.

M'mawa mwake ndinanyamuka kupita kwathu ku Mkaika. Ndisanafike n'komwe ndinaona denga la amalume likung'anima, malata atsopano mbali imodzi, mbali inayo udzu wakale wakuda. Apo ndinamvetsa: bamboyo anawapatsa zoyambira, zotsala adzalandire tsamba likapezeka. Ndinawapeza akusema mpini. Sindinagwade. Ndinangofunsa kuti m'nsalu yoyera ija munaikamo chiyani. Anayamba ndi kukalipa kuti mwana wamkazi salankhula choimirira. Kenako anati bambo anali awonso, inu munakhala nalo buku lija nokha moyo wanu wonse chifukwa choti munajambulidwamo, iwo anabadwa mochedwa, mulibe ngakhale chala chawo. Anati wakufa sawerenga. Ndinabwereza funso langa. Anayang'ana mpini wawo n'kunena kuti anaikamo kabuku kaja amagawa a kampani ya thonje, kophunzitsa kupopera mankhwala.

Amayi, inu amene munakana thonje moyo wanu wonse, munkati ndi mbewu yolimira eni, mwagona miyezi yonseyi mutagwira kabuku ka mbozi. Abusa analalikira, anzanu anaimba mpaka mawu kusasa, ife tikugubuduka ndi kulira, inu muli ndi zimenezo m'manja. Ndikaganiza ndimafuna kuseka, kenako ndimafuna kutentha nyumba ya munthu.

Bambo a Dalitso anati tipite kupolisi. Nanga umboni uli kuti? Uli m'manda, ndipo ine sindingalole kuti khasu likhudze pamene mwagona. Akuluakulu a banja anandikhazika pansi, akuti chibale n'fupa sichiola, ndisachititse mbumba manyazi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati amalume akabweze malata. Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti paja mlandunso suola. Ndinakumbukira zimene munkatiuza tikayambana ndi Jelita, kuti mkwiyo uziuyanika kaye, wauwisi umaola m'thumba. Inu munkanena kuti tileke kumenyana, ndikudziwa. Koma ine ndinauyanikadi, chilimwe chonse, ndipo unauma bwino.

Nditagulitsa mtedza ndinagula simenti ndi njerwa za chiliza chanu, ndinapangana ndi mmisiri. Ndiye ndinapitanso kwa amalume. Ulendo uno ndinagwada bwinobwino, n'kuwauza kuti, "Malume, ndaganiza. Tsiku lomanga chiliza ndidzabwera nacho chithunzi chija, ndidzachichotsa m'felemu. Muwaitane a ku Lusaka aja adzakhalepo." Pamenepo palibe bodza limene ndinanena. Anasangalala mpaka kunditchula mayi wawo, anatuma kuti andigwirire nkhuku. Sabata yomweyo anasasula udzu wa mbali yotsala ija, kukonzekera malata.

Jelita yekha ndi amene ndinamuuza zimene ndinkafuna kuchita. Analira. Anati, "Asisi, mundilole ndichijambule kaye pa foni, mwana wangayu adzaone agogo ake ali mwana." Ndinakana. Cha pafoni chimayenda, lero chili ku Sinda, mawa chili ku Lusaka, bambo uja achisindikize, amate m'buku n'kumauza anthu kuti lakwanira. Jelita anakhala masiku osandilankhula, ndipo ndikuona kuti sanandikhululukirebe. Muzimuyendera kutulo mumutonthoze, ine sakundimvera.

Tsikulo anthu anadzaza kumanda: mbumba yonse, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano anzanu atavala yunifolomu. A Sikazwe anaima kumbuyo. Buku analisiya ku Lusaka, si wopusa, anangobwera ndi envulopu yaikulu ndi magolovesi aja. Mmisiri anali atayala kale njerwa kuzungulira manda, simenti atasakaniza. Mwambo wa kwathu mukuudziwa, fosholo yoyamba amathira ndi mwinimbumba. Amalume anavula jekete, anapinda malaya, nkhope ikuwala ngati tsiku la ukwati.

Ndinapempha kulankhula. Ndinatulutsa tsamba lija n'kuliyendetsa m'manja mwa amayi achikulire kuti aone. A Nasakala, mnzanu wa paubwana, anangoti, "Ndi yemweyu, ankakhala chonchi," n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Kenako ndinanena zonse, osakweza mawu: zimene munapempha, amene anatitulutsa m'nyumba, chimene mwagona nacho. Ndinati, "Buku lonse sindingathe kulibweza lero. Koma tsamba ili ndi la amayi, ndipo likupita kwa mwini wake." Ndinagwada n'kuliika pa dothi, pamene pali chifuwa chanu, nkhope ya kamtsikanako itayang'ana pansi kwa inu. Sindinalikulunge m'pulasitiki, sindinalitchinge ndi kanthu. Ndinadzuka, ndinalandira fosholo yodzaza kwa mmisiri, n'kuipereka kwa amalume ndi manja awiri.

A Sikazwe anayamba kudzipanikiza kuti afike kutsogolo, akuti amayi chonde, mukuononga mbiri ya dziko, mundilole ndingojambula. Amayi a chigwirizano anangosendera pamodzi n'kutseka njira. Matupi awo mukuwadziwa.

Amalume anaima ndi fosholo ija. Anayang'ana ine, anayang'ana a ku Lusaka, anayang'ana anthu. Kukana kuthira kukanakhala kunena pamaso pa mbumba yonse kuti malata aposa mlongo wawo. Kuwerama kuti atole, akulu a mpingo anali pambali pawo pomwe. Anandinong'oneza kuti, "Mwana iwe, mvula ili pafupi." Ndinati, "Thirani, malume, simenti ikuuma." Anathira. Ndinaona simenti ikufalikira pa pepalalo mpaka kona yomaliza inamira. Ndinawapatsanso fosholo ina, imene mwambo sufuna, ndipo anathira. Pamenepo a Nasakala anayambitsa nyimbo.

Sindikubisirani, amayi, zinandikoma. Zinandikoma ngati madzi a mumtsuko munthu ukuchokera kumunda. Galimoto ija inanyamuka anthu asanadye, amalume anaithamangira mpaka kumsewu n'kubwerako ndi fumbi. Sabata yathayi kunagwa chizimalupsa, ndipo ndamva kuti theka la nyumba yawo lili poyera, akungosuntha mphasa ndi mabeseni. Udzu wofolera nthawi ino aupeza kuti, matchire anapsa kale. Akazi awo ndimawamvera chisoni, sanalakwe kanthu, ndiye ndatumiza uthenga kuti akhoza kumakagona m'nyumba mwanu. Iwo okha.

Ndikudziwa zimene mukananena. Mukanati khululuka, ndi amalume ako, mawa adzakuika ndi omwewo. Lamulungu ndinayesa, tinafika pa mawu aja a kukhululuka m'pemphero, pakamwa panga panakana. Mwina chaka chamawa. Pakali pano musandipemphe. Ndipo kabuku ka thonje kaja musakataye, mukasunge bwino, mlongo wanu akadzafika kumeneko mudzawapatse m'manja adzakuwerengereni.

Koma pali china chimene sindinauze munthu. Nditabwerera kuno ndinalowa m'nyumba, maso anapita okha pakhoma monga achitira zaka zonsezi. Pali msomali basi, ndi kamalo koyera pamene utsi sunafike. Pamenepo ndiye ndinalira, kulira kumene sindinalire ngakhale pa maliro anu. Bambo a Dalitso anafuna kupachikapo kalendala, ndinawakalipira. Ndinachita ndekha, palibe anandikakamiza, ndipo atati andibwezere tsiku lija ndingaperekenso fosholo ija. Komabe dzulo ndikuchapa ndinayesa kukumbukira ngati kamtsikana kaja kanali ndi mkanda m'khosi kapena ayi, ndipo sindikudziwa. Ndinakayang'ana zaka zonsezi, amayi, ndipo sindikudziwa. Tayang'anani inuyo, poti muli nako pafupi.

Bukulo sindinalitaye mtima. Bambo uja ndayamba kumuimbira Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi, ndimangomuuza kuti amayi akudikira. Nambala yanga wasiya kuyankha, ndiye ndikubwereka mafoni a anzanga, ndipo mpingo wathu ndi waukulu. Ndikulonjezani kuti sindimupatsa mpumulo mpaka tsiku limene ndidzalikulunge m'nsalu yoyera n'kulikwirira kumutu kwanu ndi manja angawa, popanda wotiuza kuti tituluke pang'ono.

Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti ntchito ya manja awo anthu akuilimbirana mpaka lero. Gonani bwino, mayi wanga. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tikambenji